Agogo a zaka 76 amene ndinawapatsa mankhwala a mphumu pomwe vuto linali mtima

Nkhani iyi ndi ya agogo ena aakazi a zaka 76 amene ndakhala ndikuwaona kwa miyezi 7 tsopano. Dzina sinditchula ndipo tizinthu tina toti munthu n'kuwazindikira nato ndatisiya, eni ake ndi ana awo anavomera kuti ndilembe. Ndikulembera anzanga amene timaona odwala tsiku ndi tsiku komanso inu amene mukusamala makolo okalamba, chifukwa agogowa anali ndi matenda akuluakulu anayi nthawi imodzi koma palibe ndi limodzi lomwe limene linaoneka m'mene timawerengera m'mabuku, ndipo ulendo woyamba amene anawaphonya ndi ine ndemwe.

Tsiku loyamba anabwera ndi mwana wawo wamkazi, dandaulo linali chifuwa cha usiku kwa masabata atatu ndi kubanika. Nditaika chomvera pamsana ndinamva kamluzu mbali zonse ziwiri, makina a BP anaonetsa 168/96, mtima 104 pa mphindi, thupi silinali lotentha. Panja anthu anali ambiri. Ndinalemba kuti mwina ndi mphumu yomwe yadzutsidwa ndi chifuwa, ndinawapatsa salbutamol wopopera wotsegula chifuwa, prednisolone wa masiku 5 wochepetsa kutupa kwa timachubu ta mpweya ndi maantibayotiki a amoxicillin, makhololo ndinatumiza kukayeza TB ndipo anabwera opanda kanthu, za BP ndinangoti adzayezetsenso akadzachira. Sindinawavule masokosi kuti ndione miyendo, sindinagwire pamkono ndi zala zanga kuti ndimve kagundidwe ka mtima ndinangokhulupirira nambala ya makina, sindinafunse kuti usiku amagona bwanji. Ndipo funso lomwe limayenera kundiimitsa pomwepo ndi loti munthu amene sanadwalepo mphumu moyo wake wonse, fodya sanasutepo, iyambe lero ali ndi zaka 76? Zimatheka inde koma si kawirikawiri, pa msinkhu umenewo kamluzu ka m'chifuwa umayamba waganiza za mtima kaye chifukwa madzi akadzaza m'mapapo timachubu ta mpweya timapanikizika nde timalira chimodzimodzi ngati mphumu.

Patatha masiku 6 anabweranso, ulendo uno atawanyamula. Mwana wawo uja anati "Adokotala, amayi asintha, kuyambira dzana sakutizindikira bwinobwino, masana akungogona, usiku akudzuka kumati akufuna kupita kwawo chonsecho ali m'nyumba mwawo momwemo. Achimwene akuti ndi ukalamba basi mutu wayamba kusokonekera, koma ine ayi sindikumvetsa." Mawu oti ndi ukalamba amenewa ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse ndipo ife a chipatala timawanenanso, koma ukalamba susintha munthu m'masiku awiri.

Apa ndinakhala pansi n'kufunsa bwinobwino. Agogowo sakanatha kufotokoza nde ndinafunsa mwana wawo, koma sindinafunse kuti akumva kupweteka pati, ndinafunsa kuti chaka chatha nthawi ngati ino ankapanga chani okha chimene pano anasiya. Funso limeneli ndi limene linatsegula zonse. Ankayenda kukacheza kwa mnzawo mtunda wa mphindi 15, anasiya miyezi 8 yapitayo, ankati mawondo. Kenako anasiya kusesa. Kenako posamba anayamba kumapumira pakati, kukhala kaye pansi kudikira befu lithe. Miyezi 4 yapitayo anapempha pilo wachiwiri, kenako wachitatu, ndipo masabata awiri omalizawa amagona chokhala pampando chifukwa akangogona chagada amadzidzimuka pakati pa usiku akusowa mpweya. Nsapato zinasiya kulowa. Zovala m'mapewa zikukhwepa koma pamimba zikuthina. Usiku amadzuka kukakodza kanayi kapena kasanu, ludzu losatha, mapazi amati achita dzanzi ngati akuponda pa thonje, ndipo anagwapo kawiri chaka chino koma poti sanathyoke palibe anaziwerengera. Zonsezi sizinabwere tsiku limodzi, zimabwera pang'onopang'ono ndipo chilichonse chikabwera agogo amangochepetsa zochita kuti asamve phuma, a pabanja nawo amangozolowera. Okalamba ambiri sanena kuti ndikubanika, amangosiya kuchita chinthu chimene chimawabanikitsacho, nde ukawafunsa kuti mumabanika amayankha kuti ayi ndipo sakunama.

Za matenda akale, anauzidwapo zaka 9 zapitazo kuti BP ndi yokwera, anamwa mankhwala miyezi yochepa n'kusiya poti ankamva bwino. Shuga sanayezetsepo. Nditafunsa ngati pali mankhwala ena amene akumwa kupatula omwe ndinawapatsa mwanayo anati ayi palibe, koma ndinamupempha kuti atumize munthu abweretse chilichonse cha mapiritsi chimene chili kuchipinda kwa agogo olo chikhale chakale. M'jumbomo munali ibuprofen ndi diclofenac, onse awiri, amagula okha chifukwa cha mawondo ndipo akhala akumwa pafupifupi tsiku lililonse kwa chaka, nthawi zina onse pamodzi. Kwa iwo amenewa sanali mankhwala, anali tongopha ululu basi. Kuyambira tsiku limenelo sindifunsanso kuti mukumwa mankhwala anji, ndimati ndionetseni.

Powayeza ndinapeza izi. Amapuma ka 28 pa mphindi, okosijeni m'magazi 88%, thupi 36.6, BP 176/102. Pamkono nditagwira ndi zala mtima umagunda mosalongosoka, apa wathamanga apa wadumpha, kugunda kwina kwamphamvu kwina kofooka, nditawerenga pachifuwa ndi chomvera kwa mphindi yathunthu ndinapeza 128 pomwe makina amanena 101, makina ambiri a BP amasokonezeka mtima ukamagunda chonchi. Mitsempha ya m'khosi inali yotupa mpaka pafupi ndi nsagwada ali chokhala. M'munsi mwa mapapo onse awiri mumamveka kuthetheka kwa madzi, kamluzu kaja kanalipobe. Chiwindi chinali chitatsika ndipo chimapweteka ndikadina. Miyendo yotupa mpaka m'ntchafu, ukadina chala dzenje limatsala, ndi kumsana m'munsi komwe. Sikelo 68 kg. Nkhope sinapindike, manja ndi miyendo mphamvu zinali zofanana mbali zonse, mawu amatuluka bwino ngakhale zonena zake zinali zosagwirizana, nde sitiroko yoonekeratu panalibe. Nditawauza kuti atchule masiku a sabata chobwerera m'mbuyo anafika pa awiri n'kuyamba kuyang'ana kwina, patapita ola limodzi anali bwinoko kenako anasokonekeranso. Kumapazi ndinayeza ndi kaulusi ka 10 g kamene timagunditsa pakhungu kuti tione ngati munthu akumva, malo ambiri samamva, ndipo pansi pa chala chachikulu chakumanzere panali kachilonda kakang'ono kamene iwo eni sankakadziwa.

Shuga wa pachala anali 17.2 mmol/L. Mkodzo munali shuga wambiri ndi pulotini, ma ketone, amene amaoneka shuga akafika poopsa, munalibe, zizindikiro za tizilombo zinali zosakhutiritsa. Creatinine, zinyalala za m'magazi zimene impso zimachotsa, inali 168, eGFR, nambala yoonetsa mphamvu ya impso, inali 27, michere ya m'magazi potaziyamu 4.6 ndi sodiyamu 129 amene ndi wotsika, Hb yoonetsa kuchuluka kwa magazi 10.4, nayonso yotsika. ECG, yoyeza kagundidwe ka mtima, inaonetsa atrial fibrillation, ndiko kugunda mosalongosoka kuja, ndi zizindikiro zoti mnofu wa mtima wakumanzere ndi wokhuthala, za mtsempha wa mtima wotsekeka kumene panalibe. Ekisire inaonetsa mtima waukulu ndi madzi m'mapapo, chibayo ayi. Sikani ya mtima inatheka tsiku lachitatu, mtima umapopa 35% ya magazi olowamo pa kugunda kulikonse pomwe wabwinobwino umapopa kuyambira 50% kupita m'mwamba, ndipo valavu ya mitral, kachitseko ka pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima, sinali yopanikizika, zimenezi timafuna tidziwe chifukwa zimasintha kasankhidwe ka mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi.

Nde chithunzi chonse chinali chonchi. BP yomwe yakhala yokwera zaka zambiri osachizidwa inakhuthalitsa mtima kenako kuufooketsa, chipinda cham'mwamba cha mtima chinatanuka n'kuyamba kugunda mosalongosoka, zomwe zimafooketsanso mtima kuposa. Shuga amene wakhalapo kalekale osadziwika, umboni wake ndi dzanzi la kumapazi lija chifukwa mitsempha yomvera simafa m'mwezi umodzi, pamodzi ndi BP anawononga impso. Pamwamba pa zonsezi ibuprofen ndi diclofenac amapangitsa thupi kusunga mchere ndi madzi, amakweza BP, amachepetsa magazi opita ku impso, komanso amakanda m'mimba mwakuti magazi ochepa aja mwina mbali ina ndi iwowo. Kenako ine ndinawonjezera prednisolone amene amasunganso madzi, kukweza shuga ndipo mwa okalamba amatha kusokoneza mutu, ndi salbutamol amene amathamangitsa mtima womwe unali ukuthamanga kale. Izi ndinawauza ana awo mosabisa kuti mankhwala amene ndinapereka sabata yatha sanali oyenera ndipo anawonjezera vuto, sizinali zophweka kunena koma amayenera kudziwa kuti asadzawapatsenso otsalawo.

Za kusokonekera mutu ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pomwe mabanja ambiri amataya mtima msanga. Pali kusiyana pakati pa matenda oiwala a dementia ndi kusokonekera kwadzidzidzi kumene timati delirium. Dementia imabwera mwakachetechete kwa miyezi ndi zaka, munthu amakhala ali maso bwinobwino, amakumvetsera koma zimene wamuuza sizikhala. Delirium imabwera m'maola kapena masiku, imasinthasintha tsiku lomwelo, m'mawa ali bwino madzulo sakukudziwa, ndipo chachikulu chimene chimaonongeka ndi kutchera khutu, sangatsatire zimene ukunena mpaka kumapeto. Njira yoyezera delirium yotchedwa CAM imene Sharon Inouye ndi anzake anatulutsa mu 1990 imayang'ana zomwezi, kuyamba mwadzidzidzi ndi kusinthasintha, kulephera kutchera khutu, kenako maganizo osalongosoka kapena kusintha kwa kukhala maso. Delirium si matenda a mutu paokha, ndi thupi likukuwa kuti penapake zavuta, akhoza kukhala chibayo, mkodzo wotsekeka, kudzimbidwa, mankhwala, shuga wotsika kapena wokwera, okosijeni wochepa. Ndipo ina imabwera yachete, munthu amangogona osavutitsa aliyense, imeneyo ndi imene timaiphonya kwambiri. Agogowa zifukwa zinalipo zingapo, okosijeni 88%, shuga 17, sodiyamu wotsika, prednisolone, ndi kusagona kwa masabata. Mnzanga wina anati tingowapatsa maantibayotiki a m'njira ya mkodzo, ine ndinakana chifukwa azimayi okalamba ambiri amapezeka ndi tizilombo mumkodzo popanda kudwala, ndipo ukangoti ndi mkodzo umasiya kufufuza chenicheni.

Tinawagoneka. Tinawakhazika chotsamira, okosijeni, furosemide wochotsa madzi m'thupi 40 mg wa mumtsempha kawiri patsiku, kuyeza sikelo m'mawa uliwonse ndi kulemba mkodzo. Diripi sitinaike, ndikunena izi chifukwa a pabanja anafunsa kangapo kuti bwanji munthu wofooka chonchi osamuika diripi, ndinawafotokozera kuti vuto la amayi ndi madzi ochuluka amene mtima ukulephera kuwayendetsa, kuwonjezera ena ndi kuwamiza. Ibuprofen, diclofenac, prednisolone, salbutamol ndi amoxicillin zonse tinaimitsa, za mawondo paracetamol. Shuga masiku oyambawo tinagwiritsa insulin pang'onopang'ono, osathamangira kutsitsa kwambiri. Metformin, mapiritsi a shuga, sitinayambe chifukwa eGFR ikakhala pansi pa 30 saloledwa. Mankhwala ogonetsa ngati diazepam sitinapereke olo usiku woyamba anavutitsa, amangowonjezera kusokonekera ndi kugwa, m'malo mwake mwana wawo amagona pambali pawo, tinati abweretse magalasi awo a maso, masana makatani otsegula, ndipo aliyense wofika pabedi amayamba wadzitchula n'kuwauza komwe ali.

Tsiku lachiwiri ali m'chipatala kamluzu kaja kanali katatha popanda chopopera chilichonse, madzi atangochoka. Tsiku lachinayi m'mawa anamufunsa mwana wawo kuti wawasiya ndi ndani ana kunyumba, masiku a sabata anatchula chobwerera onse 7. Okosijeni tinachotsa tsiku lomwelo ali pa 95%. Mtima unatsika wokha kufika cha m'ma 100, ndipo tsiku lachisanu mapapo atauma tinayamba bisoprolol wochepetsa kuthamanga kwa mtima 1.25 mg, mankhwala a mtundu umenewu suyamba munthu akadali wodzaza madzi ndi wobanika chifukwa ukhoza kumugwetsa, umadikira aume kaye n'kumakweza pang'onopang'ono. Creatinine inatsika kufika 140 titangochotsa mankhwala a ululu aja komanso mtima utapepukidwa, nde tsiku lachisanu ndi chimodzi tinayamba enalapril wa BP ndi mtima 2.5 mg. Anatuluka tsiku la 8 akulemera 62.5 kg, kutanthauza kuti madzi oposa malita 5 ndi amene amayenda nawo, ndipo apa m'pamene zinaoneka kuti agogowa ndi owonda ndithu, kutupa kuja kumabisa kuonda.

Nkhani yovuta inali ya mankhwala oteteza sitiroko. Mtima ukamagunda mosalongosoka chonchi magazi amadikha m'chipinda cham'mwamba n'kuundana, kachibuma kakathothoka kamapita ku ubongo, ndipo chiopsezo cha sitiroko chimakwera pafupifupi kasanu. Pa mawerengedwe oyezera chiopsezo cha sitiroko otchedwa CHA2DS2-VASc agogowa anapeza 6, mtima wofooka 1, BP 1, zaka 75 kupita m'mwamba 2, shuga 1, kukhala mkazi 1, imeneyo ndi nambala yokwera kwambiri. Koma mbali inayi anali ndi magazi ochepa, chaka chathunthu cha mankhwala okanda m'mimba, impso zofooka komanso mbiri ya kugwa. Ndinafunsa za chimbudzi chakuda kapena cha magazi anati sanaonepo, tinawapatsa omeprazole woteteza m'mimba, tinabwereza Hb patatha masabata awiri inali 10.6 sinatsike, BP inali itakhazikika, ndiye tinakhala pansi ndi agogowo ndi ana awo n'kukambirana. Ndinawauza kuti aspirin yekha sateteza mokwanira pa vuto limeneli, warfarin amateteza koma amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi kuti INR, nambala yoonetsa kuchedwa kuundana kwa magazi, ikhale pakati pa 2 ndi 3, ndipo akagwa n'kumenyetsa mutu ndi kuthamangira kuchipatala olo akuoneka bwino. Agogo anati "Mwanangu, chimene ndimaopa ine ndi kufa ziwalo kuti ana azindisambitsa, ndipatseni." Mwana wawo ndi amene anatenga udindo wa masiku oyezetsa. Ine maganizo anga ndi oti kugwa pakokha si chifukwa chomumanira munthu mankhwalawa, chofunika ndi kufufuza chimene chikumugwetsa.

Ndipo chowagwetsa china tinachipanga tokha. Sabata yachitatu atatuluka anabwera akudandaula chizungulire akamadzuka, anatsala pang'ono kugwa kubafa. BP atagona inali 128/74, ataima mphindi zitatu 102/64. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena ya pansi ndi 10 mkati mwa mphindi zitatu munthu ataimirira ndiye kuti vuto lilipo, kwa iwo zonse ziwiri zinakwana. Sikelo inali 61 kg, milomo youma, tinali titawaumitsa mopitirira. Furosemide tinachepetsa kuchoka pa 40 mg kufika 20 mg chizungulire chinatha. Akanakhala kuti tinangoyeza BP ali chokhala tikanati zonse zili bwino n'kuwabweza. Kwa okalamba muyezo umene unali woyenera ali otupa sukhala woyenera akaphwa, nde mankhwala umawaunikanso ulendo uliwonse.

Za shuga, ndinadikira kuti prednisolone achoke m'thupi kuti ndisawanamizire. Wa m'mawa asanadye anali 9.1 ndipo tsiku lina 8.7, malire ake ndi 7.0, HbA1c, yoonetsa shuga wa miyezi itatu yapitayo, inali 8.9% pomwe malire ndi 6.5%, ngakhale munthu wa magazi ochepa nambala ya HbA1c sumaikhulupirira yokha. Patatha mwezi eGFR inali 39 nde tinayamba metformin 500 mg kamodzi kenako kawiri patsiku, ndipo pa impso zotere sitipitirira 1000 mg patsiku. Glibenclamide, mapiritsi enanso a shuga, ndinamupewa dala, amakhalitsa m'thupi makamaka impso zikafooka ndipo amagwetsa shuga kwa maola ambiri, mndandanda wa Beers wa mankhwala oyenera kupewa mwa okalamba umamutchula. Shuga wotsika mwa munthu wa zaka 76 ndi woopsa lero lomwe kuposa shuga wokwerako pang'ono, komanso samabwera nthawi zonse ndi thukuta ndi kunjenjemera, amatha kungobwera ngati kusokonekera kapena kugwa, ndipo bisoprolol amabisanso zina mwa zizindikirozo. Cholinga chathu kwa iwo ndi HbA1c ya pansi pa 8%, sitikulimbana ndi 6.5. Kachilonda ka kuphazi kanapola m'masabata atatu, mwana wawo amayang'ana mapazi madzulo aliwonse mpaka pakati pa zala, ndipo agogo sayendanso opanda nsapato olo m'nyumba.

Impso sindinazitchule kuti ndi matenda okhalitsa tsiku loyamba lija chifukwa nambala imodzi ya munthu wodwala kwambiri siikwanira, pamafunika eGFR ya pansi pa 60 kapena pulotini mumkodzo kwa miyezi itatu. Miyezi itatu itakwana creatinine inali 118, eGFR 41, pulotini ikadalipo, nde ndi matenda a impso okhalitsa gawo 3b. Impso ndi zachete kwambiri, sizipweteka, munthu amatha kutaya theka la mphamvu zake osamva kanthu, kuyeza magazi ndi mkodzo kokha ndi kumene kumaulula. Ndinawalembera papepala lalikulu mayina a mankhwala oti asamwenso, ibuprofen, diclofenac, indomethacin, naproxen, chifukwa munthu amene ali pa enalapril ndi furosemide akawonjezera amenewa impso zimatha kuima m'masiku ochepa. Ndinawauzanso kuti akatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri aimitse kaye metformin, enalapril ndi furosemide n'kubwera tsiku lomwelo. Mwezi wachinayi tinawonjezera dapagliflozin 10 mg amene amathandiza mtima wofooka, impso ndi shuga nthawi imodzi. Spironolactone amene akanathandizanso mtima sitinayambe chifukwa potaziyamu anafika 5.1 titakweza enalapril.

Kunyumba tinagwirizana zinthu zochepa zoti n'kuzikwanitsa. Sikelo m'mawa uliwonse atakodza asanadye, ikakwera ndi 2 kg m'masiku atatu abwere osadikira tsiku la kiliniki, chimodzimodzi akayambanso kufuna pilo wina kapena nsapato zikayamba kuthina. Mchere achepetse. Mapiritsi onse amakhala m'kabokosi ka masiku 7 ndipo munthu mmodzi yekha ndi amene amadzaza. Mawondo aja ndi nyamakazi ya kutha kwa mafupa a m'mfundo, siichira koma tinawaphunzitsa zolimbitsa minofu ya m'ntchafu ndipo akuyenda ndi ndodo. Poyesa kudzuka pampando, kuyenda mamita atatu, kubwerera n'kukhalanso, atangotuluka m'chipatala zinawatengera masekondi 21, pano 14, kuyambira 12 kupita m'mwamba timati chiopsezo cha kugwa chilipo nde sitinafike.

Bernard Isaacs, dokotala wa okalamba wa ku Britain, anatchula zinthu zinayi zimene matenda a okalamba amabisalamo, kulephera kuyenda, kugwa, kudzikodzera ndi kusokonekera kwa nzeru. Ndinaziphunzira kusukulu ngati zoloweza za mayeso koma pa agogowa zitatu zinalipo, ziwiri mwa izo kwa miyezi yambiri tisanaone, ndipo kuseri kwake kunali mtima, shuga ndi impso. Zimene zinatipatsa yankho sizinali makina apamwamba, sikani ya mtima inangotsimikiza zomwe zinali zitadziwika kale ndi funso limodzi la zomwe anasiya kuchita, zala pamkono, kuvula masokosi, kuyang'ana m'khosi, shuga wa pachala, kamtengo koyezera mkodzo ndi jumbo ya mapiritsi. Zonsezi sizikanandidyera mphindi 10 tsiku loyamba lija, ndipo agogo sakanafika ponyamulidwa.

Za kuiwala sindinathamangire. Munthu akachoka mu delirium mutu umatenga masabata kapena miyezi kuti ukhazikike nde kumuyeza za dementia nthawi imeneyo ndi kumulakwira. Ndinadikira miyezi itatu, ndinayamba ndawayang'ana m'makutu momwe munali phula lotseka mbali imodzi, titachotsa zina zimene ana ankati amayi saakumva zonena zinatha. Ndinafunsa za kukhumudwa ndi kusowa chidwi ndi zinthu chifukwa matenda a nkhawa ndi kukhumudwa mwa okalamba amafanana kwambiri ndi kuiwala, anati pamene ankalephera kutuluka m'nyumba mtima unali wosweka koma pano ziliko bwino. Pa mawu atatu oti akumbukire patapita mphindi zochepa anakumbukira awiri. Mwana wawo akuti kwa zaka ziwiri akhala akubwereza mafunso mwa apo ndi apo koma amadzisamalira okha, amadziwa njira, amadziwa anthu onse. Sindinalembe kuti ndi dementia. Koma sindinatsekenso nkhaniyo, munthu amene wadwalapo delirium, wa BP, shuga ndi mtima wogunda mosalongosoka ali pa chiopsezo chachikulu choti mitsempha ing'onoing'ono ya mu ubongo iwonongeke, nde ndidzawayezanso miyezi 6 iliyonse ndi njira yomweyo kuti ndizitha kufananitsa. Chithokomiro tinayeza chili bwino, vitamini B12 ndikufuna ndiyeze chifukwa cha dzanzi, magazi ochepa komanso poti metformin amamutsitsa pakapita nthawi.

Ulendo womaliza ndinawaona sabata yatha. Analowa akuyenda okha ndi ndodo, amagona ndi pilo mmodzi, usiku amadzuka kawiri, ayambanso kupita kwa mnzawo uja koma amapuma kamodzi panjira. Sikelo 62 kg, miyendo yosatupa, BP 132/76 atakhala ndi 124/72 ataima, mtima 78 wosalongosokabe monga timayembekezera, INR 2.4, HbA1c 7.8%, eGFR 40, potaziyamu 4.9, Hb 11.2. Bisoprolol ali pa 5 mg, enalapril 5 mg kawiri patsiku, furosemide 20 mg. Madokotala a maso sanawaonebe, diso lakumanja lili ndi ng'ala ndipo kumbuyo kwa maso kukufunika kuunikidwa chifukwa cha shuga, kalata ndawalembera kachiwiri. Sikani ya mtima tibwereza mwezi wamawa kuti tione ngati 35% ija yakwera, ndipo ngati potaziyamu atsike pansi pa 5.0 maulendo awiri otsatizana tidzakambirana za spironolactone 12.5 mg.